Ndinaima pa Mwala Wolakwika

Mutu uno sindinafune kuulemba. Maso atha, ndipo kope lomwe mwana wanga Lazalo anandigulila latsala masamba ochepa. Koma Lazalo yemweyo ndiye wandiputa. Atabwela kuchokela ku Lusaka mwezi watha, anakhala pakhonde n'kuyamba kundisimbila kuti masiku akubwelawa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zidzayamba kuuluka popanda munthu kutsogolo, kompyuta yokha ndiyo idzakhala pampando wa woyendetsa. "Atate," anatelo, "makina satopa, samwa mowa, sakangana ndi mkazi kunyumba. Manje munthu ni wa chani?" Ine ndinangoti kaya, n'kupitiliza kukonola chimanga changa. Iye anayesa kuti mdala wasowa chonena. Iai, mwana wanga, chonena chinalipo, koma chinali cholemela pakamwa. Ndachisunga zaka zambili, ndipo ngakhale amai anu anapita kumanda atangomva theka lake. Ndikulemba kuti iwe Lazalo ndi mlongo wako Esinati mudziwe chimene chinachitika pa bwalo la ndege la ku Petauke, ndi chifukwa chake munakulila m'misasa ya m'mbali mwa mseu.

1954

Nchito yanga yoyamba yolembedwa m'buku ndinaiyamba chaka chimenechi, Fedulesheni, chitaganya cha atsamunda chija, itangoyamba kumene. Ndinachoka kwathu ku Msanzala ndi amai anu, Esinati ali kumsana ndi zaka zitatu, katundu yense m'dengu limodzi. Popeza ndinali nditafika Sitandade Folo ndipo ndinkadziwa manambala ndi Chingelezi cha apo ndi apo, anandiika kukhala wothandiza kapitao wa bwalo la ndege. Musaganize za bwalo ngati la ku Lusaka. Linali udzu chabe, mzele wautali woyambila kufupi ndi kaphili n'kukathela kudambo. M'mbali mwake munali miyala khumi yopakidwa njeleza, yolembedwa wanu mpaka teni, ndipo kuchoka pa mwala wina kufika pa unzake anali mayadi handiledi. Pafupi ndi mwala wa nambala wanu panali mlongoti wa sokosi, nsalu ija yoonetsa kumene mphepo ikupita. Panalinso kasitolo kosungilamo zikwakwa, njeleza, ndi nsalu ziwili zazitali zoyela zomwe tinkayala ngati mtanda pouza woyendetsa kuti bwalo latsekedwa, asatele. Ndege ya kampani inkabwela Lachiwili ndi Lachisanu. Inali ya injini imodzi, yonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, matumba a makalata ndi mabokosi a mankhwala.

Kapitao anali a Njovu, mdala woonda amene paunyamata wake anakumba golide ku Sasare n'kubwelako ndi chifuwa chosatha. Tsiku loyamba ndinafika nditavala nsapato zanga za ukwati, ndikudziona ngati kalaliki. A Njovu anaziyang'ana, anatsokomola, n'kufunsa kuti, "Wabwela kudzavina kapena kudzagwila nchito? Vula izo." Tinayenda bwalo lonse opanda nsapato, mame akuzizila m'zala. Pakapita mayadi angapo iwo ankaima n'kukanikiza chidendene pansi, kenako n'kundikodola kuti nanenso ndikanikize. "Wamva chiyani?" anafunsa. "Palibe, bambo," ndinayankha. Iwo anati, "Ndiye kuti nchito sunayambe." Ndinakwiya mumtima, chifukwa ndinkaona kuti munthu wa Sitandade Folo sangaphunzitsidwe kuponda pansi ndi munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Zinanditengela madzinja awili kuti chidendene changa chiyambe kusiyanitsa nthaka yolimba mpaka pansi ndi nthaka youma pamwamba chabe.

Chachikulu chimene anandiphunzitsa chinali khalidwe la kumunsi kwa bwalo. Kuyambila pa faifi mpaka pa teni, madzi sankachokela kumwamba kokha. Mvula ikagwa kumapili, ankayenda pansi pa nthaka n'kudzatulukila pamenepo patapita masiku atatu, dzuwa likuwala, fumbi likuuluka kumtunda. Udzu unkaoneka wokongola koposa, koma gudumu la ndege likanalowa mpaka theka n'kuigubuduza chamutu. Zina zonse zinali kutopa kwa masiku onse. Udzu unkamela msanga kuposa mmene tinkaupwetekela ndi zikwakwa zathu zakutha mano. Chiswe chinkamanga tizulu pakati pa bwalo, ng'ombe za anthu zinkalowa n'kusiya ziboda, njeleza inkatha miyezi osatumizidwa mpaka tinkapaka miyala ndi phulusa. Sokosi itang'ambika tinalemba makalata atatu osayankhidwa, ndipo pomaliza amai anu anasoka ina ndi matumba a ufa wa tiligu.

1956

Chaka chimenechi chifuwa chinawagonjetsa a Njovu, anabwelela kwao kukadikila imfa, ndipo ine ndinakhala kapitao. Anatipatsa nyumba ya njelwa ya zipinda ziwili pafupi ndi boma. Ndikukumbukila amai anu akugogoda khoma ndi chala, osakhulupilila kuti n'zoona.

Oyendetsa ndege ankasinthana, koma amene ankabwela kawilikawili tinkamutchula Kapiteni Nsawa, chifukwa akatsika m'ndege, asanapatse munthu moni, ankatambasula dzanja kufuna nsawa zokazinga. Anali mzungu wamfupi, wakhungu lopsa ndi dzuwa, wolankhula Chinyanja chokhota chimene anatola kunkhondo kwa asilikali akuno. Sanali mngelo. Ankatukwana koopsa, ndipo masiku ena ankanunkha za dzulo lake. Koma anali ndi maso. Tsiku lina la dzinja anandiitanila pansi pa phiko n'kundifunsa kuti, "Daka, mdala uja anali kuima pakati pa bwalo nthawi ya mvula. Anakuuza chifukwa chake?" Ndinati anandiuza, bwana kapiteni. Iye anati, "Tiyeni tipitilize. Ukaima pa sokosi, ndidziwa kuti bwalo lonse ndi langa. Ukaima pa mwala, pomwe waimapo ndi pomwe bwalo langa lathela. Koma umve bwino. Kampani imati ndisatele pa miyala yochepela sikisi. Ukaima pa faifi, ndidzakubaibitsa ndi phiko n'kubwelela kumene ndachokela."

Pangano limeneli silinalembedwe paliponse, koma tinayenda nalo madzinja atatu. Nthawi zambili ndinkaima pa seveni kapena pa eyiti, iye n'kutela bwinobwino, n'kudya nsawa zake. Kawili konse ndinaima pa faifi, ndipo kawili konse anapendeketsa phiko n'kupita. Ulendo wachiwiliwo panali mzungu wina wogula fodya amene ankadikila ndege ndi masutikesi ake. Ananditukwana mpaka malovu kugwela pa malaya anga, akuti munthu wakuda wopanda nsapato wamubwezela ndege. Ndinapukuta malovuwo. Lachisanu lotsatila Kapiteni anayenda nane mpaka pa faifi, analowetsa chala m'nthaka, anachinunkhiza, n'kundimenya paphewa. Nditafika kunyumba ndinauza amai anu kuti pa bwalo lija pali anthu awili okha amene samanamizana.

1958

Kenako anatitumizila bwana watsopano woyang'anila miseu ndi mabwalo. Dzina lake lenileni ndilisiye. Ife tinkati Bwana Pepala, chifukwa chimene sichinalembedwe papepala kwa iye sichinachitike. Anali mnyamata ndithu, wongokwatila kumene, waukhondo, wosatukwana ngati Kapiteni, koma wotopetsa ngati ntchentche ya m'khutu. Anabwela ndi kabotolo koyezela mvula, anakaimika pamtengo pafupi ndi sitolo, n'kundipatsa buku loti ndizilembamo m'mawa ulionse. Lamulo lake linali lakuti botolo likakhala louma masiku awili, bwalo ndi lotsegula, ndipo iye azitumiza uthenga pa wailesi kukampani. Ndinayesa kumufotokozela za madzi a pansi. Anandimvetsela mwaulemu mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Daka, botolo silikonda munthu, silida munthu. Ndicho chifukwa chake ndimalikhulupilila." Iwe Lazalo, pakhonde paja unalankhula ndendende ngati Bwana Pepala, ndipo n'chifukwa chake ndinangoti kaya.

Anatigulilanso majombo, akuti kapitao wa bwalo asaoneke ngati m'busa wa ng'ombe. Ndinkawavala iye akakhalapo, n'kuwavula kuseli kwa sitolo akachoka. Atandiona tsiku lina nditaima pa seveni ndege ikuzungulila, analemba lamulo lina n'kulikhomela pachitseko: aliyense woponda pa bwalo ndege ili m'mwamba achotsedwa nchito. Ndinamuuza Kapiteni. Iye anatafuna nsawa zake nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Pepala ndi lake, khosi ndi langa. Uona wekha, Daka." Mwamwai dzinja linayamba mochedwa ndipo bwana sankabwela kubwalo masiku onse, choncho tinkazembazemba.

Chaka chomwecho Esinati anayamba Sabu A, kalasi yoyamba, pasukulu ya pafupi ndi nyumba yathu. Ha, mwana uja! Pasanathe miyezi itatu anali akuwelenga manambala a miyala yanga chakutsogolo ndi chakumbuyo, n'kumalemba dzina lake ndi khala pakhoma lakuseli kwa nyumba mpaka amai ake kumuthamangitsa ndi tsache. Aphunzitsi ake anakumana nane kumsika n'kundiuza kuti, "A Daka, uyu musadzamuchotse sukulu, adzafika patali." Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Febuluwale 1959

Mvula inagwa mlungu wathunthu kumapili, kenako inaleka. Lachitatu ndi Lachinai kunali dzuwa, botolo lili louma. Lachisanu m'mawa ndinavula majombo n'kuyenda bwalo monga mwa masiku onse. Kuyambila pa wanu mpaka pa faifi nthaka inali gwa. Nditangopitilila faifi pang'ono, chidendene chinalowa, ndipo nditachizula kadzenjeko kanadzaza madzi pang'onopang'ono. Pa sikisi phazi linalowa mpaka m'kakolo. Ndinabwelela kusitolo kuti ndikatenge nsalu za mtanda, koma ndisanatsegule chitseko galimoto ya Bwana Pepala inafika ikuthamanga. Anatuluka wosameta ndevu, wopanda chipewa, maso ali ofiila. Dona wake, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anali atayamba kutaya magazi. Adokotala anati chofunika kuchita chili ku Lusaka basi. Mseu unali utaduka kuseli kwa Nyimba, mlatho utapita ndi madzi. Njila inali imodzi yokha, ndege ya tsiku limenelo.

"Ndatumiza kale uthenga kuti bwalo lili bwino," anatelo. Ine ndinati, "Bwana, kumunsi kwafewa. Tiyeni mukaone nokha." Anandifunsa kuti botolo likuti chiyani, ndinati ndi louma. "Ndiye kuti bwalo ndi louma," anatelo. Ndinati, "Madzi akuchokela pansi, bwana, osati kumwamba." Analanda kiyi m'manja mwanga, anayesa loko kuti aone ngati yagwila, n'kuika kiyi m'thumba mwake. "Daka, ukaime pa sokosi. Ukangoponda pa bwalo ndege ili m'mwamba, mawa ulibe nchito, ulibe nyumba." Tsiku limenelo sindinamude, chifukwa nanenso ndinali ndi mkazi. Ndinamuda pambuyo pake.

Anapita kukatenga dona, ndipo amai anu anafika ndi mbale ya nsawa za Kapiteni monga ankachitila Lachisanu lililonse. Atangondiona anafunsa kuti, "Atate ake Esinati, kwagwanji?" Ndinawauza zonse. Ndinati ndikaima pa sokosi, Kapiteni akhulupilila kuti bwalo lonse ndi lake, athamanga mpaka m'matope, ndege igubuduzika ndi anthu ali momwemo. Ndikaima pa faifi, pomwe nthaka yolimba yathela, abwelela, ndipo ndege ina ndi ya Lachiwili. Amai anu anaika mbale pansi. "Nanga sukulu ya mwana?" anafunsa. Iwo anayang'ana kumseu kumene galimoto inalowela, n'kunenanso motsitsa mau kuti, "Koma magazi a mzimai safika Lachiwili, bambo." Sanandiuze chochita, ndipo mpaka imfa yao sanandiimbepo mlandu.

Cha m'ma leveni koloko tinamva injini kumadzulo. Galimoto inali itabwela, dona atagonekedwa pa machila mumthunzi wa sitolo, anesi atamugwila dzanja. Nkhope yake inali mbee ngati miyala yanga, ndipo ankabuula pang'onopang'ono ngati wosafuna kusokoneza anthu. Ndinaima pa sokosi mpaka ndege inaoneka pamwamba pa mitengo. Kenako ndinavula majombo n'kuyamba kuyenda. Bwana anafuula dzina langa kamodzi, kawili, katatu. Sindinacheuke. Ndinafika pa faifi n'kuima, ndipo apo ndi pomwe ndinayenela kukhala. Amai anu, amene anatsala kutali kusitolo, ankakhulupilila kuti ndinakhala pamenepo, inunso mwakula mukumva kuti atate anachotsedwa nchito chifukwa chonena zoona. Ana anga, sindinakhale pa faifi. Kubuula kuja kunali kukali m'makutu mwanga, ndipo ndinkadziwa kuti Kapiteni awelenga miyala n'kupendeketsa phiko. Sindingakuuzeni kuti ndinaganiza mwanzelu. Miyendo inangopita yokha, matope akutuluka pakati pa zala, mpaka ndinakaima pa sikisi n'kutambasula manja. Ndinamupatsa munthu uja mayadi handiledi amene kunalibe, ndikudziwa bwino kuti akandikhulupilila afela pamenepo pamodzi ndi anthu atatu amene anali nawo, ndi ine ndemwe.

Ndege inadutsa pamwamba panga kamodzi n'kuzungulila. Inadutsanso kachiwili. Kachitatu inatsika kwambili mpaka mphepo yake inandichotsela chipewa, ndipo ndinaona nkhope ya Kapiteni pawindo. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pansi, kumene ndinadzela. Anakwela, anazungulila kutali, n'kubwela pang'onopang'ono mphuno ili m'mwamba, magudumu akukwecha nsonga za mitengo. Anatela asanafike n'komwe pa wanu, pamalo pomwe sitinkatchetcha bwino. Mabuleki analila, mchila ukugwedezeka uku ndi uku, ndege ikukula m'maso mwanga. Mayo ine! Ndinatseka maso. Nditawatsegula inali itaima, pulopela ikutha mphamvu, isanafike pa faifi. Ine ndinali chilili pa sikisi, manja akali otambasula, ndipo buluku langa linali lonyowa ndi madzi amene sanachokele kudambo.

Kapiteni anatsika. Bwana Pepala anamuthamangila, koma iye anamulambalala n'kuyenda mpaka pa faifi, pomwe anaima. Sanapondeko ngakhale phazi limodzi kupitilila apo. "Bwela kuno," anandiitana. Nditafika anandiyang'ana m'maso n'kunena motsitsa, kuti wina asamve, "Daka, wandinamiza." Ndinati, "Inde, bwana kapiteni." Anandilozela kumbuyo kwanga. Mapazi anga onse, kuyambila pa faifi mpaka pa sikisi, anali atadzaza madzi, akuwala padzuwa ngati tindalama. "Ndinawaona kuchokela kumwamba," anatelo. "Wailesi inati bwalo lonse. Iwe unati sikisi. Mapazi ako anati faifi." Ndinafunsa kuti, "Nanga munatelelanji, bwana kapiteni, popeza kampani imakana?" Anapukuta thukuta ndi chipewa chake. "Zaka zitatu sunandinamizepo. Ndinati munthu uyu akanama lelo, ndiye kuti pansi pali chinthu chachikulu. Ndipo mphepo inali yabwino, inandigwila pamphuno." Anatembenuka kuti azipita, kenako anabwelelanso. "Ukanakhala kuti unadzela m'mbali mwa bwalo, osasiya mapazi, bwenzi tsopano akutola mafupa athu. Usadzachitenso."

Zotsalazo zinachitika msanga. Anatsitsa anthu atatu aja ndi katundu yense, ngakhale matumba a makalata. Tinakankha ndege chambuyo ndi anthu anga a zikwakwa mpaka mchila unalowa m'tchile kuseli kwa wanu. Analowetsa dona ndi anesi basi. Bwana Pepala ataponda kuti akwele, Kapiteni anamuika dzanja pachifuwa n'kumuuza kuti kulemela kwake kungawaphe onse. Anadikila mpaka sokosi ya amai anu itaongoka, anabangulitsa injini, n'kuthamanga. Magudumu anachoka pansi pa folo. Bwana anatsala ataima paudzu, akulila poyela ngati mwana, ndipo nsawa zinatsala m'mbale.

1959 mpaka 1963

Patapita milungu iwili kalata inafika. Papepala bwalo linali louma tsiku limenelo, popeza botolo linatelo ndipo wailesi inatelo. Ngati linali louma, ndiye kuti kapitao analibe chifukwa choimila pakati pake. Bwana Pepala sakanalemba kuti linali lofewa popanda kudziimba mlandu yekha, choncho analemba kuti ndinaphwanya lamulo. Akuti pondichitila chifundo sanandichotse nchito, anangonditsitsa n'kunditumiza ku Nyimba kukayang'anila gulu lokonza miseu. Poipeleka kalatayo sanandiyang'ane kumaso. Ndinamva kwa kuki wake, yemwe ankamuphikila, kuti dona anachila, koma mwana sanakhale. M'milungu iwili ija kunkabwela oyendetsa ena, ndipo Kapiteni sindinamuonenso. Sindidziwa ngati anandilankhulilako kwa akuluakulu kapena anangokhala chete, koma ndikudziwa kuti za sikisi sanauze munthu, chifukwa zikanamveka bwenzi ndili m'ndende.

Za ku Nyimba ndilibe mphamvu yozilemba zambili. Tinachoka m'nyumba ya njelwa n'kulowa mumsasa wa udzu. Msasawo unkasamuka ndi nchito, lelo pa mseu waukulu, pakapita miyezi itatu njila ya ku Luembe, kutentha kwa kuchigwa, udzudzu, mafosholo opanda mipini, ufa wa nchito wofika mochedwa uli ndi anankafumbwe. Iwe Lazalo unabadwila mumsasa wotelo. Sukulu yapafupi inali ulendo wa theka la tsiku, ndipo tikati tiyambe kukambilana ndi aphunzitsi, msasa unkasamuka. Ku Msanzala amai anga anali atamwalila, kunalibe womusiyila mwana. Ndinkati chaka chamawa, chaka chamawa. Esinati ankalembabe dzina lake ndi khala pa mabolodi a mseu, kenako anayamba kuiwala zilembo zina, kenako analeka. Pamene Fedulesheni inkatha ndipo tinakhazikika pa Nyimba penipeni, anali namwali wazaka khumi ndi ziwili, ndipo anakana kukakhala pansi pamodzi ndi tiana ta Sabu A. Sindinamukakamize. Ndinali nditatopa, ndipo ndikuvomela kuti apanso ndinalakwa. Lachiwili ndi Lachisanu ndege inkadutsa pamwamba pa msasa, ine n'kumangoyang'ana fosholo.

Tsopano

Lazalo, unafunsa ngati kompyuta ingalowe m'malo mwa munthu woyendetsa ndege. Ine sindidziwa, ndipo ndatopa kwambili kuti ndikangane nawe. Kapena idzayendetsa bwino kuposa Kapiteni Nsawa, chifukwa iye analidi wa mowa ndi waukali. Bwana Pepala sananame ponena kuti botolo silikonda munthu. Masiku ena ndimaganiza kuti pakanakhala makina tsiku lija, akanaona munthu pa bwalo n'kubwelela, palibe amene akanaika moyo wa anthu asanu pa mapazi a m'matope, ndipo dona akanafela pa machila mumthunzi wa sitolo. Masiku ena ndimaganiza kuti akanakhulupilila wailesi n'kutipha tonse. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti munthu uja anakana wailesi, anakana ine, koma anatelabe, chifukwa ankadziwa mmene ndimaimila ndikamanena zoona. Ukakumana ndi anzako odziwa za makompyuta, uwafunse ngati makinawo angadziwe kuti munthu wabwino akunama, ndi kuti akunamilanji. Akati angathe, chabwino, akwele okha.

Ine zimene ndinachita sindizitama. Ndinanama ndi thupi langa, ndinapulumuka ndi maso a munthu wina, ndipo amene analipila sanali ine kapena bwana. Dzanja lauma, ndilekele pano. Lazalo, ukapita ku Nyimba utenge kope ili, ukakhale pansi ndi mlongo wako, umuwelengele mutu uno mokweza, pang'onopang'ono, osalumpha mzele ngakhale umodzi. Yekha sangathe kuuwelenga, ndipo tsopano nonse mukudziwa chifukwa chake.